Oilo Wakuda pa Zilonda za Galu

Fungo la oilo wakuda pagalaja ya pa Boma limandipsetsabe mtima mpaka lero.

Ndili mwana, galu wathu anadwala mphere. Ubweya unathothoka, ndipo ankadzikhula pamtengo wa nachesi mpaka kutuluka magazi. Amalume, amene ankakonza mathiraki kumalire, anabwera ndi chigubu cha oilo wotha ntchito.

"Mankhwala a mphere ndi amenewa," anatero. "Iwe, m'gwire miyendo."

"Amalume, bwanji tipite naye kwa alangizi a ziweto? Si kutali."

"Galu kupita naye kwa dokotala? Wasanduka munthu?"

Anthu pakhonde anaseka. Amayi anangoyang'ana kumbali. Ine ndinamugwira. Anamupaka ndi chitsononkho kuyambira kumutu mpaka kumchira, m'zilonda momwe, dzuwa likuswa mtengo. Khungu lake linkatentha m'manja mwanga, iye akunjenjemera koma osaluma munthu.

Anadzinyambita tsiku lonse. Pofika madzulo ankasanza zakuda, miyendo ikukana kuima.

"Ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito," anatero amalume, akusamba m'manja ndi sopo wathu.

Galuyo anakwawa n'kudzagona pamapazi anga. Kenako anayamba kundinyambita zala, kuchotsa oilo amene anatsalira.