Mzinga ndi Kabotolo

Mumsewu mwathu muno palibe amene akukumbukira dzina limene a Musaphethire anapatsidwa pobadwa. Limene tikulidziwali anadzitolera okha, chifukwa kwa zaka makumi atatu aliyense woima patsogolo pa kamera yawo ankamva mawu amodzimodzi: "Musaphethire!" Akwati, ana a sukulu, osewera mpira, ngakhale mbuzi ya pachionetsero, lamulo linali lomwelo. Ena amati tsiku lina anauzanso mtembo, koma anthu a kuno pakamwa pawo sipauma.

Anali munthu wamtali, wowonda ngati mpini wa tsache, phewa lamanja lotsika kuposa linzake. Iwo ankati linatsika ndi Mzinga. Mzingawo unali lenzi yawo yaikulu, yachitsulo chokhachokha, yaitali ngati mkono wa munthu. Ukasuzumiramo, munthu wa kutsidya kwa bwalo la mpira umamuona mpaka thukuta la pamphuno. Koma tinene zoona: phewalo anabadwa nalo. Amene ankasenza Mzinga anali akazi awo. M'mabasi onse amene anakwera potsata matimu ndi zionetsero, bambo ankakhala kuzenera chipewa chili pankhope, mayi atafungatira chikwama cha Mzinga pamiyendo ngati mwana wodwala.

A Musaphethire ankaukonda Mzinga chifukwa unkawalola kuona munthu osamuyandikira. "Munthu ukamuyandikira amayamba kunama ndi nkhope," ankatero. "Muimire patali, aiwale kuti uliko." Nzeru imeneyi inawapatsa zithunzi zabwino. Vuto n'lakuti anabwera nayo mpaka kunyumba.

Tsiku lina mayi anagula kalenzi kakang'ono kwa wogulitsa zakale, kopepuka, kotalika ngati botolo la mankhwala a chifuwa. Ankaganiza kuti msana wawo upumako. Bambo anakasuzumira kamodzi n'kukabweza. "Kabotolo kameneka n'koonera utitiri," anatero. Mayi anakakulunga mu mpango wawo wa maluwa achikasu n'kukaponya m'chikwama chawo cham'manja, ndipo mawa lake anasenzanso Mzinga.

Anali ndi mwana mmodzi wamkazi. Tinkamutcha Fotokope, chifukwa anatengera mayi ake chilichonse, ngakhale kayendedwe koponya phazi lamanzere. Mwana ameneyu anajambulidwa kuposa mwana aliyense mumsewu uno. Ali kuthamanga pasukulu, ali kuchapa, ali kulira mpira wake utaphulika, zonse zili m'maalubamu. Koma fufuzani masamba onsewo, simupeza chithunzi chimodzi chimene bambo ake amunyamula. Iwo ankakhala kuseri kwa mtengo, diso limodzi lotsinzina.

Mayi atamwalira, a Musaphethire anachita chinthu chimene mpaka lero anthu amachinong'ona. Kumanda, pamene Fotokope anaima yekha pamphepete pa dzenje, iwo anali uko kumpanda, Mzinga atautsamiritsa pamwala, akujambula. Sizinali nkhanza ayi. Miyendo inawakanira kuyandikira bokosi lija, ndiye anachita chimene manja awo ankadziwa. Koma mwana wolira sawerenga za miyendo ya munthu. Pageti la manda anawayang'ana n'kunena kuti, "Ngakhale lero, bambo?" Patatha sabata anakwera basi. Zaka zinayi zinadutsa osamveka mawu ake. Kuti anakwatiwa ndiponso kuti ali ndi kamtsikana, bambo ake anamvera kwa mlamu wawo, mng'ono wa malemu, amene nkhani siigona m'mimba mwake.

Ntchito nayo inali itatha. Masiku ano aliyense ali ndi foni, ndipo aliyense ndi wojambula, ngakhale amene amadula anzawo mitu pachithunzi. Kenaka adokotala anawauza kuti maso awo akulowa ngati dzuwa, ndipo pofika chaka chamawa azidzangoona mithunzi. A Musaphethire sanalire. Anangoganiza chinthu chimodzi: nkhope ya mdzukulu aione maso asanatseke. Kukagogoda pakhomo analibe nako mtima. Anaganiza zokaima kutsidya kwa msewu wa sukulu ya mkaka imene mlamu anawalozera, n'kuba chithunzi chimodzi chokha, n'kubwerera.

Anatulutsa Mzinga m'kabati n'kupita nawo kwa a Pulayala, mnzawo wakalekale wokonza mawotchi ndi makamera, amene kashopu kawo kamanunkha mafuta a makina ndi fodya wozizira. A Pulayala anachotsa zotsekera, n'kuuloza kubabu, n'kusuzumira nthawi yaitali.

"Madala, mwayamba ulimi wa bowa?"

"Bowa wanji?"

"Nkhungu iyi. Yayala mizu mpaka galasi lamkati. Mukajambula ndi ichi mwana adzatuluka ngati ali m'bafa la madzi otentha."

"Iwe Pulayala, usandinamize. Zaka makumi atatu Mzinga sunachitepo nkhungu."

"Eya, chifukwa alamu anga ankauwotcha padzuwa. Loweruka lililonse m'mawa, inu muli kuseri kwa nyuzipepala, magalasi onse ankakhala pazenera ngati anapiye. Ndine ndinawaphunzitsa. Inu mumayesa chiyani, kuti akupukuta kabati?"

A Musaphethire anayang'ana pansi. Ndi zimenezodi zimene ankayesa.

A Pulayala anaona kuti alasa pachilonda, ndiye anayamba phokoso lotsegula madilowa. "Ndipo ngakhale ukanakhala bwino, mukanausenza ndi phewa liti? Basi ya tsiku lathunthu, wokunyamulirani kulibe. Lenzi ya paulendo timasankha chonchi. Iikeni pachikhatho, tambasulani mkono, muwerenge mpaka makumi awiri. Mkono ukanjenjemera, si yanu. Kenaka muiloze kuwala, muone ngati mkati muli mbee. Pomaliza mupotoze mphete yake. Iziyenda ngati supuni m'uchi, osati kulira ngati chitseko cha chimbudzi."

Anayesa zitatu za m'shopumo. Yoyamba mkono unagwa asanafike pa khumi. Yachiwiri inali yopepuka koma mphete yake inali gwa. Yachitatu inali ndi mng'alu ngati phazi la m'chilimwe.

"Nanga kaja anagula alamu?" anafunsa a Pulayala. "Kamene munakanyoza kaja?"

"Kabotolo? Sikafika patali."

"Pamene kalekezera, miyendo ipitirize. Munabadwa nayo iwiri."

Chikwama cha mayi chinali chikadali pamsomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Zaka zinayi a Musaphethire ankachilambalala ngati galu wa eni. Tsiku limenelo anachitsitsa. Munali chipeso, tikiti ya basi yofufuma, ndi mpango wa maluwa achikasu. M'mpangomo munali Kabotolo, katazunguliridwa ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Anakaloza kuzenera. Mkati munali mbee ngati madzi a pampopi. Anakaika pachikhatho, natambasula mkono. Anawerenga mpaka makumi asanu, ndipo chimene chinanjenjemera si mkono.

Ulendowo anauyenda kamera ili pamiyendo pawo. Aka kanali koyamba kuti adziwe mmene mawondo amawawira ukafungatira katundu tsiku lonse, ndipo katundu wake anali Kabotolo chabe.

Masana a tsiku lotsatira anaima kutsidya kwa msewu, pafupi ndi wosoka nsapato. Belu linalira, geti linatseguka. Anamuzindikira Fotokope ndi phazi lamanzere lija, atagwira dzanja kamtsikana ka diresi lofiira. Anakweza kamera. Mu Kabotolo mwanayo anali ngati nyerere yofiira. Mzinga ukanawapatsa nsidze zake zomwe. Anatukwana chamumtima, natsika pamsewu. Nyerere inasanduka chiwala. Anapondanso kawiri. Galimoto inaliza hutala, woyendetsa anatulutsa mutu: "Madala, mukufuna kufera pa ine?" Iwo sanamve. Diso lili pakamera, anapitirira mpaka phazi linagunda mwala wa tsidya linalo.

Tsopano mwana anadzaza galasi lonse, koma anali chifunga chokhachokha. Anapotoza mphete kumanja, chifunga. Kumanzere, chifunga. Kabotolo kanalibe mlandu. Nkhungu inali m'maso mwawo.

"Bambo."

Sanatsitse kamera. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anabisala kuseri kwa kachitsulo kosakwana chikhatho.

"Amayi, agogo awa akufuna chiyani?" anafunsa mwana uja.

"Ndi wojambula," anatero Fotokope.

Mawu amenewa anawalowa ngati singano, koma sakanatsutsa. Anatsitsa kamera pang'onopang'ono. "Mayi, sindinabwere kudzakuvutitsa. Maso akutha. Ndimati ndimuone kamodzi, ndili uko. Koma kalenzi aka n'kakafupi."

Fotokope sankayang'ana nkhope yawo. Ankayang'ana nsonga ya mpango wachikasu imene inatulukira m'thumba la jekete. Kenaka anayang'ana Kabotolo.

"Mzinga uli kuti?"

"Unachita nkhungu. Sindinkadziwa kuti amayi ako ankauika padzuwa."

"Loweruka lililonse. Ine ndinkagwira zotsekera." Anatambasula dzanja. "Bweretsani kuno. Khalani pakhoma apo. Munyamuleni."

"Ndimunyamule?"

"Saluma."

Anamunyamula molakwika, ngati munthu amene wapatsidwa wailesi ya eni. Mwanayo anali wolemera kuposa Mzinga, wofunda, wonunkhira sopo ndi choko. Anawagwira ndevu, nkhope yake n'kufika pafupi ndi mphuno yawo. Ndipo pamenepo, pa mtunda wosakwana chikhatho, maso awo okalambawo anagwira ntchito. Anaona kachipsera pachibwano, dzino lakutsogolo lobenthuka, ndi makutu aang'ono opindikira kutsogolo, makutu a akazi awo enieni.

Fotokope anapotoza mphete ndi zala ziwiri, mmene anaphunzirira kwa mayi ake. Sananene mawu aja akuti "Musaphethire!" Kamera inangoti tcha.

Anawabwezera kamera, natenga mwana wake. "Mpangowo ndipatseni," anatero. Anamupatsa. Anaununkhiza kamodzi n'kuupinda msangamsanga. "Ndachedwa kuntchito, bambo. Basi yanu musaiphonye." Anayenda masitepe angapo, natembenuka. "Powoloka muziyang'ana magalimoto."

Kunyumba sanawaitanire, ndipo mwana uja sanauzidwe kuti ndevu anagwirazo ndi za ndani. A mumsewu muno amene amati nkhani iliyonse imatha ndi kukumbatirana akafunse a Musaphethire. Anabwerera tsiku lomwelo, Kabotolo atakakulunga m'sokosi.

Filimu masiku ano kutsukitsa kwake n'kutali. Inatenga miyezi iwiri kuti ibwere, ndipo pofika nthawiyo maso anali atatsikiratu. Anapita nacho chithunzicho kwa a Pulayala.

"Tandiuza, chatuluka bwanji?"

"Chakuthwa ngati lezala. Mwana uja ali ndi dzanja kuposa inu. Kamtsikanaka kakuseka, kakukokani ndevu."

"Kachipsera ka pachibwano kakuoneka?"

A Pulayala anayandikitsa galasi lawo la mawotchi. "Kalipo. Mwadziwa bwanji?"

"Ndinakaona ndekha. Nanga ine?"

A Pulayala anakhosomola. "Inu madala mwaphethira. Maso onse awiri, tseke. Ndipo masaya anyowa."

A Musaphethire anaseka mpaka kutsokomola, kenaka analeka kuseka. Chithunzicho anachiika m'thumba la jekete, mmene munkakhala mpango.

Foni yochokera kwa Fotokope sinabwerebe. Mlamu akuti mpango uja amauona pakhosi pake, koma mlamu amanena zambiri. Mukadutsa pakhomo pawo Loweruka m'mawa mudzawapeza pazenera, akupapasa ndi zala pamene pafunda dzuwa. Amaikapo Kabotolo, kenaka Mzinga pambali pake, ngakhale a Pulayala anawauza kuti Mzingawo dzuwa silingauchiritsenso.