Achule a M'dziwe la Ubatizo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinabatizidwa, kumudzi kwathu kuseri kwa mapiri a ku Vubwi. Mpingo wathu umabatiza pomiza thupi lonse, ndipo popeza mtsinje wozama unali kutali, tinkabatizira m'dziwe la kumunsi kwa dambo, pamene madzi ankatumphuka pansi pa thanthwe. Atate anali mkulu wa mpingo, ndipo ntchito yokonza dziwelo inali yawo.

Chaka chimenecho mvula inagwa yochuluka, dziwe n'kudzaza achule. M'mphepete munkada bii ndi mbululu, ndipo ukaponda udzu, tiachule tinkadumphira uku ndi uku. Ine ndinkawaopa kwambiri. Ku Sande sukulu ndinawadziwa ngati mliri wa ku Ejipito, ndiponso ngati maonekedwe a mizimu yonyansa. Mlongo wanga wamkulu anapezerapo poseketsa.

"Iwe Tiyanjane, abusa akamakumiza udzatseke pakamwa," ankatero. "Ukadzavuuka ndi mchira usadzati sindinakuuze."

Amayi ena a m'kalasi yathu ya ubatizo anadandaulanso. Tsono Atate analonjeza zothira m'dziwemo mankhwala opopera thonje amene anatsala kumunda, kuti pofika Pasaka madzi adzakhale oyera. Palibe anaona cholakwa. Kwathu anthu ankatsukira zopopera zawo m'madambo chaka ndi chaka.

M'mawa wina tinatsetsereka, Atate atanyamula chigubu, ine chikwakwa chotchetchera udzu. Tinapeza mayi wachilendo atavala majombo, madzi akumulekeza m'mawondo, kachule kali m'manja. Anatuluka, nanjuta mwaulemu.

"Mwauka bwanji, atate? Pepani ndalowa m'madzi anu. Ndinapempha kwa eni dimba lapamtundali."

Anati amagwira ntchito ya kafukufuku wa achule pa yunivesite ina ku Lusaka, koma anabadwira ku Katete, ndipo mfunda wake ndi Nabanda. Atate atamva zimenezo nkhope yawo inamasuka. Anaika chigubu pansi n'kumaonerera.

ANabanda ankasisita khungu la chule ndi kathonje ka pakamtengo, n'kukatsekera m'kabotolo, kenako chuleyo n'kumubwezera pomwe anamutola. Anatiuza kuti m'thupi la chamoyo chilichonse muli malembo osaoneka ndi maso, amene chimatengera kwa makolo ake, ndipo akawawerenga amadziwa kuti uyu ndi wa mtundu uti, ndipo abale ake ndani. Kwa ine chule anali chule basi. Koma anandionetsa finye wofufuma ngati chitumbuwa, chule wina woonda wa mzere woyera m'mbali, ndi wina wofiirira wosaposa chikhadabo cha chala chachikulu.

"Aka ndakafunafuna m'madambo a ku Sinda ndi ku Katete, sindinakaone," anatero. "Sindinganene kuti ndi mtundu wapadera tisanayeze. Koma ngati kamapezeka kuno kokha, ndiye kuti mudzi wake wonse ndi dziwe lino."

Kenako anafunsa za chigubu. Atate sanali munthu wobisa mawu, anafotokoza zonse. ANabanda anapukuta manja pachitenje.

"Atate, chule amamwa ndi khungu, amapumanso ndi khungu. Madzi akaipa, woyamba kufa ndi iye. Ine dziwe lopanda chule sindingalowetsemo mwana wanga. Ndipo mankhwalawo satha msanga, amakhalira m'matope."

"Ndamva, aNabanda. Koma m'Malemba achule ndi mliri."

"Za Malemba eni ake ndinu, ine ulaliki ukatalika ndimawodzera," anaseka. "Koma mundikumbutse, mliriwo unavuta anthu achulewo ali kuti?"

Atate anayang'ana pamadzi. Ndinawaona milomo ikugwedera monga ankachitira akamafufuza ndime m'mutu.

"M'nyumba," anayankha pang'onopang'ono. "M'zipinda, pogona, ndi mophikira." Kenako anawonjezera kuti, "Ndipo mliri utachotsedwa, Mulungu sanawathe onse. Anawasiya a mumtsinje."

Anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, wolowa m'madzimu ndi iwe. Ukati ndithire, ndithira mmene ndinalonjezera. Nena."

Atate anali asanandifunsepo maganizo pa nkhani ya mpingo. ANabanda ananyowetsa dzanja langa, n'kuikapo kachule kofiirira kaja. Kanali kozizira, kopepuka ngati tsamba la nsawawa. Ndinaona kukhosi kwake kukugunda mofulumira, maso ake ali ndi mkombero wonga golide, ndi tizala take tolongosoka bwino. Ndinadzifunsa kuti ndani anakhala pansi kukonza tizala timeneti, ndipo yankho ndinali kulidziwa kale. Mantha sanathe, koma ndinati, "Asiyeni, Atate. Ndilowa choncho."

Atate anabwerera nacho chigubu chija chosatsegula. Lamlungu anaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti dziwe alitchetchera udzu wa polowera pokha, ndipo munthu asadzatsukiremonso chopopera. Ena anang'ung'udza. Mayi wina anakana kubatizidwa nafe, anadikira chaka chotsatira kuti akabatizidwe kumtsinje. Atate sanakangane naye, komanso sanasinthe.

Tsiku la Pasaka ndinalowa m'madzi kwaya ikuimba pamtunda. Matope anali ofewa kumapazi, mbululu zikundigunda m'miyendo ngati timadontho ta mvula. Abusa anandigwira pamutu, nditatseka pakamwa zolimba. Ndinamira, ndinavuuka, ndipo palibe chonyansa chimene chinandikhudza.

Zimene aNabanda anakapeza m'timabotolo tija sindinazimve. Mwina kachuleko kanali ka mtundu wodziwika kale, mwina ayi. Lero ndimakhala ku Katete, ndili ndi ana anga, ndipo ndikamva anthu akuseka ophunzira amene amathera moyo wawo akuwerenga mitundu ya achule, sindiseka nawo. Mulungu analenga chilichonse mwa mtundu wake, ndipo munthu woyamba anapatsidwa ntchito ziwiri: kusunga munda ndi kutcha zamoyo mayina. Amene amayenda m'madambo ndi timabotolo akupitiriza ntchito yomweyo, kaya amapemphera kaya sapemphera.

Chimene ndimachidziwa tsopano n'chakuti munthu angathe kuwononga ndi mtima wofuna kutumikira. Atate ankafuna madzi oyera a ubatizo wanga, ndipo anatsala pang'ono kundimiza m'madzi a imfa. Kuyambira pamenepo, ndisanatche chinthu chonyansa, ndimayamba ndafunsa kuti anachiika pamenepo ndani. Kawirikawiri ndimapeza kuti mlendo pamalopo ndine.