Ndinasanduka Mphuno ya Mayi a Kunyumba

Khansa ya m'mphuno ya mayi a kunyumba kwanga inayamba ndi fungo. Ndine ndinayamba kulimva, ngati la nyama yowonongeka, eni ake asanadandaule chilichonse. Anawachita opaleshoni ku Blantyre, kenako anawatumiza kunja kukawotcha chotupacho ndi makina. Anabwerako amoyo, koma kukamwa kouma, ndiponso osamvanso fungo lililonse, ngakhale la utsi.

Mapepala onse a kuchipatala ndili nawo, pamodzi ndi makadi a chipani a zaka zimenezo. Palibe ndi limodzi lomwe lonena ngati matendawa amabwereranso. Nditafunsa dokotala, anangoti tikaona chachilendo tibwere. Chachilendo chiti? Sanafotokoze, ndipo masiku amenewo munthu wamba sunkafunsa kawiri. Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Choncho m'mawa uliwonse ndinkawayandikira mayiwo ngati ndikufuna kuwauza kanthu, n'kumanunkhiza mwakachetechete.

Patapita zaka zingapo, m'dzinja, fungo lija linabwerera kuchipinda kwathu. Mtsinje wa Lisungwi unali utadzaza, msewu wotsika kumapiri kuno uli matope okhaokha, galimoto osafika. Sindinawauze. Ndinkati kuwauza popanda njira yopitira kuchipatala n'kungowazunza. Ine chakudya chinasiya kulowa. Kumunda ndinkangoima ndi khasu. Fungo likukulirakulira.

Tsiku lina masana anandipeza nditagwada, ndikununkhiza pilo wawo. Anafunsa chimene ndinkachita, ine n'kuulula. Iwo anakoka dengu pansi pa bedi. Munali mbatatesi yambewu imene anasunga mmenemo, itawola mpaka kuchucha madzi. Iwo akanadziwa bwanji?

"Bambo, ndiye mwakhala mukundiika m'manda nokhanokha osandiuza? Mphuno ndi yanu, koma mutuwu ndi wanga. Mukamva kanthu muzinena."

Ndinataya mbatatesiyo, ndinatsuka pansi, zenera n'kulisiya lotsekula.

M'mawa mwake anabwera okha, n'kuima pamaso panga, n'kutulutsa mpweya m'mphuno. Ndinamva kafungo pang'ono. Kaya kanali ka m'chipinda, kaya kawo, kaya mantha anga chabe, sindinathe kusiyanitsa. Koma ulendo uno ndinanena.

Anamanga zovala m'chitenje, ine ndinakulunga mapepala aja m'pulasitiki kuopa mvula, ndipo tinayamba wapansi kutsika phiri, kukadikira galimoto kumsewu waukulu. Njira yonse ndinkayenda kumbuyo kwawo, kumene mphepo inkalowera.