Chitseko cha ku Nathenje

Fungo la penti wamafuta ndi palafini likandipeza, ndimaona agogo anga aamuna, aJailosi, atakhala pakhonde kwathu ku Mitundu, akutsuka mabulashi awo m'chitini chakale cha mkaka, kenako n'kumawapesa ndi chipeso chothyoka cha mayi anga ngati akupesa mwana. Moyo wawo wonse ankapenta nyumba za aphunzitsi ndi anamwino, koma chimene ankanyadira kwambiri chinali zitseko za m'kati. "Khoma angapente aliyense," ankatero. "Chitseko ndiye munthu amachigwira tsiku lililonse."

Zipani zambiri zitangoyamba, ntchito yawo inatha. Anthu ankakangana za ndale pamsika, ife kunyumba tinkangoona agogo atakhala. Chopweteka koposa chinali mphekesera yoti maso awo afa. Silinali bodza kwenikweni, chifukwa ankathira tiyi pambali pa kapu, koma woseka ankaona zakuda.

M'chilimwe china, namwino wina dzina lake mayi Nambewe, amene anali atangosamukira ku Nathenje, anatumiza uthenga. Anati agogo apente kaye chitseko chimodzi cha kuchipinda. Chikakongola apenta zotsala, ndipo anzake nawonso awaitana. Agogo ankadziwa kuti chitsekocho chikalakwika, palibenso amene adzawafune. Mayi anga anati ndipite nawo ndikanyamule chikwama, koma tonse tinkadziwa kuti ndikukawaolotsa misewu.

Sindinaonepo munthu akugwira ntchito mwaulemu ngati mmene anagwirira agogo masiku amenewo. Anachotsa chitseko pamahinjesi n'kuchigoneka panjerwa m'chipinda chopanda katundu, poti penti wopakidwa chitseko chili chiimire amayenderera. Anachikwecha ndi sandipepa mpaka manja kuyera, anachipukuta ndi kansalu konyowa, anawaza madzi pansi kuti fumbi lisadzuke, anasefa penti pansalu yopyapyala. Popaka ankatsata mizere ya thabwa, dzanja likuyenda pang'onopang'ono osabwerera pamene ladutsa kale, mpweya ataugwira, m'chipindamo mukungomveka kulira kwa bulashi. Zonsezi ankachita ndi manja, maso ali mbali ina.

Tsiku lopaka penti womaliza, anatseka mazenera okha, limodzilimodzi, n'kutchinga khomo ndi mphasa. Tinakakhala panja pamthunzi tikudya mbatata. Kuseri kwa nyumba anyamata ankatentha tchire posaka mbewa, utsi ukukwera, mphepo ikuulutsa timaphulusa takuda tija timagwera ngakhale m'tsitsi. Agogo anali osangalala, mpaka anandinena kuti ndimadya ngati mlendo wosaitanidwa.

Dzuwa litapendeka tinalowa.

"Taona kuwala kwake, mdzukulu wanga!"

Ndinayang'ana. Chitseko choyeracho chinali timadontho takuda tokhatokha, ngati munthu wawazapo chitowe.

"Agogo, pagwera phulusa."

"Phulusa lidzera pati? Ndatseka ndekha."

Anagwada n'kukhudza ndi chala m'mphepete. Anakhala choncho nthawi yaitali, chala chili pomwepo. Pamwamba pa zenera galasi linali losweka, chibowo chachikulu ngati dzanja la munthu, ndipo iwo anali atatseka zeneralo osachiona.

Mayi Nambewe atafika kuchokera kuntchito anayang'ana chitseko pang'ono chabe. Kenako anawagwira agogo chibwano mwachifundo, n'kuwatembenuzira kowala.

"Agogo, maso awa anayamba liti? Mupite ku Nkhoma akakuoneni."

"Mayi, ndiloleni chiume, ndikwechenso. Mawa chikhala bwino."

"Musavutike, mwatopa. Ndingoikapo nsalu, sichizioneka."

Sananene mwachipongwe, ndipo mpaka lero ndimalephera kuwakwiyira. Akanakalipa mwina zikanakhala bwino, chifukwa wokalipiridwa amakhala adakali mmisiri. Koma agogo anabwera ngati wopenta, akubwerera ngati wodwala. M'matola pobwerera, chikwama anakana kuti ndinyamule.

Ku Nkhoma anapita ndithu, malume anawaperekeza. Madokotala anawalandira bwino, koma anati vuto lawo si ng'ala yochotseka, ndipo anachedwa kubwera. Atabwerako anasiya kupesa mabulashi. Mabulashiwo anauma m'chitini muja, mayi anawataya mobisa, agogo sanafunse n'komwe. Anakhala zaka zingapo pakhonde, mdima ukuwonjezeka, wailesi ikunena za ufulu umene sunawakhudze pena paliponse. Ine ndinkawapatsa madzi osamba ndikuthamangira kusukulu, ndipo ndikuvomera kuti nthawi zina kukhala chete kwawoko kunkanditopetsa.

Chaka chimene anamwalira, ndikuwameta tsitsi panja, anandigwira mkono mwadzidzidzi.

"Kodi nsalu ija anaichotsa?"

"Nsalu iti, agogo?"

"Ya ku Nathenje."

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti akulira maso awo, pamene iwo ankalira chitseko chawo chomaliza, chobisidwa ngati chinthu chochititsa manyazi.

"Sindikudziwa, agogo," ndinayankha.

Anagwedeza mutu n'kundisiya mkono.

Tsopano ndine mayi wamkulu, ndili ndi ana anga. Ndikamadutsa pa Nathenje pa minibasi ndimaiona nyumba ija, ili ndi eni ake ena, ndipo sindinatsikepo kukagogoda. Amene ankafuna yankho anapita kale, koma funso lawo linatsala ndi ine, ndipo ndilibe woti ndikamuuze.