Moni wa Bambo kwa Mbusa wa ku Sipeni

Ndimakumbukirabe chipewa cha bambo anga chikudontha madzi m'nyumba ina yoonetsera zithunzi zojambula pamanja, kufupi ndi ku Hillhead mumzinda wa Glasgow. Inali nyengo yozizira, mdima unkagwa tikungoweruka kusukulu, ndipo kwathu ku Dennistoun kunali zii. Bambo aakulu, achimwene awo a bambo anga, anali atamwalira ku Ntcheu, bambo osakwanitsa kupita kumaliro. Kuyambira pamenepo anangotseka pakamwa. Akabwera kuntchito yawo yosamalira okalamba, ankakhala pampando n'kumayang'ana khoma. Ine, kamtsikana kolongolola ngati wailesi, ndinkaopa kuti sadzachezanso nane.

Loweruka lina amayi anatithamangitsa panyumba ine ndi bambo kuti akolope, mvula n'kutilowetsa m'nyumba ya zithunziyo, momwe munkanunkha majasi onyowa ndi polishi. Ndinkawakoka bambo kuti tidutse msanga, koma anaima chilili pa chithunzi china cha penti, chojambulidwa zaka pafupifupi zana zapitazo. Chinali cha mbusa wa ku Sipeni, nkhope yopsa ndi dzuwa, bulangete paphewa, atatsamira ndodo, nkhosa zowonda zikudya pamtunda wouma gwa. Kwathu ku Ntcheu munthu ali pantchito sumudutsa osamupatsa moni, choncho bambo anavula chipewa.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" anatero motsitsa mawu. Kenako anatembenukira kwa ine. "Taona, mwanawe, waima kumtunda kwa ziweto, maso ali kuminda ya eni. Achimwene ankaima chonchi."

Basitu, mawu anangokhuthuka: mbuzi zomwe ankaweta awiriwo, fungo la khola m'mawa, ng'ombe zadothi, mbatata zootcha kubusa, zikwapu zomwe achimwene awo ankalandira m'malo mwawo mbuzi zikalowa m'chimanga cha eni. Analira pagulu osabisa, mlonda wa pamalopo n'kuyang'ana kumbali mwaulemu. Zambiri sindinamve, popeza Chichewa changa chinali chazigamba, koma ndinagwira dzanja lawo kuti asasiye.

Wojambulayo sindimudziwa dzina, ndipo za Ntcheu sanalotepo n'komwe. Komabe ndimamuthokoza ndi mtima wonse, chifukwa anaona kuti munthu wonunkha nkhosa ngoyenera kumujambula, bambo anga n'kupeza polirira maliro awo. M'basi pobwerera anayamba kundiseleula kuti ineyo mbuzi zikanandithawa tsiku loyamba lomwe. Ndinawayankha mwaukali m'Chingerezi changa cha ku Glasgow, iwo n'kuseka mpaka anthu onse kutembenuka.