Kagulugufe ka m'mapesi a apongozi

Amake Mapasa si munthu wa mawu. Anthu amawadziwira chimanga chachiwisi chimene amagulitsa pamphambano, chochokera pakamunda ka kuseri kwa nyumba ya apongozi awo. Kamundako n'kobwereka, ndipo apongoziwo saiwala kuwakumbutsa.

Chaka chino chimanga chitangofika m'mawondo, masamba anatuluka timabowo tondondozana ngati tobaya ndi singano. Kenako nsonga zinayamba kufota.

"Mtengwa, dzanja lako n'lowawa," anatero apongozi. "Mlamu wako, ngakhale atadzala mwala umamera. Chaka chamawa kamundaka ndimupatsa iyeyo."

"Ndamva, amayi," anangoyankha choncho Amake Mapasa.

Atang'amba phesi limodzi anapeza kambozi kotuwa kamadonthomadontho, katafukula njira m'kati. Anapita nako kwa mlangizi wa kusitolo ya mbewu, iye n'kuseka. "Mbozi zimafanana ngati ana anu awiriwo, mayi. Mundibweretsere make."

Choncho Amake Mapasa anaika kambozi kaja ndi kachidutswa ka phesi m'botolo, kukamwa n'kumangako kansalu ka thewera lakale, n'kulibisa pamwamba pa kabati poopa ana. Kambozi kanaleka kudya, kanauma gwa, kanafiira. Ankayesa kafa. Patatha sabata ziwiri anapezamo kagulugufe kochepa ngati chikhadabo, ka mtundu wa udzu wouma, mapiko katawapinda motsata thupi, kumutu kosongoka, kumapeto kwa mapiko timadontho takuda. Masana onse sikanagwedezeke.

Kagulugufeka ankakadziwa. Toteroto ankationa dzuwa likamalowa akamaanula zovala, tikuuluka pamulu wa mapesi a chaka chatha amene apongozi amasunga osonkhera moto, osalola munthu kuwakhudza.

"Mbozizo zimagona m'mapesi ouma kudikira mvula," anatero mlangizi atakaona. "Muluwo uotchedwe."

Masiku atatu botolo linali m'chikwama. Tsiku lachinayi Amake Mapasa anagwada pakhonde pamene apongozi ankasankha nyemba, nafotokoza maso ali pansi.

Apongozi anayang'ana botolo, anayang'ana mulu. "Ndiye ukuti chimanga chako ndakudyera ndine?"

"Ayi, amayi. Ndikunena kagulugufeka."

"Kagulugufe kalibe mapesi. Mapesi ndi anga."

Muluwo sanauotche. Koma kuyambira tsiku limenelo apongozi akusonkhera mapesi okhaokha, ngakhale potenthetsa madzi osamba, ndipo mulu ukuchepa pang'onopang'ono. Za kamunda sananeneponso kanthu. Dzulo Amake Mapasa akuchapa anaona mlamu wawo ali kumeneko, akuwerenga mizere ndi mapazi.