Khoma Lofunda Kuseri kwa Ophika Buledi

Lero ndi Lachinayi, cha m'ma teni koloko m'mawa. Zovala ndayanika, ndakhala pansi. Ndimalemba ndi chala chimodzi, ndiye mupirire, anzanga.

Pali bambo ena amene ndinakumana nawo kuholo kumene ife okalamba timasonkhana. Kunabwera mtsikana wophunzitsa zojambula, akuti tipange mapu aakulu pansalu. Osati a misewu ayi, koma a zimene munthu amamva poyenda: fungo, phokoso, chimene phazi laponda, chimene dzanja lakhudza.

"Muziyenda awiriawiri," anatero. "Wina amangidwe kansalu m'maso, mnzake amugwire dzanja. Kuchokera pano, kudutsa pamsika, mpaka pamlatho. Osapatuka!"

Amuna m'gulu mwathu ndi owerengeka, ndiye aliyense ankayendetsa amayi angapo, masiku osiyana. Ine anandipatsa a Telala. Bambo aimvi, malaya osita bwino, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale makina anawasiya kalekale.

"Mayi, mundikhulupirire," anatero akundimanga.

"Mukandigwetsera m'ngalande, mano otsalawo ndikuzulani."

Anaseka, tinanyamuka.

Anzanga, chimwalirire bambo a ana anga, dzanja langali limangogwiridwa ndi anamwino kuchipatala. Tsiku limenelo linagwiridwa ndi munthu wosafulumira.

"Mukumva chiyani?"

"Utsi wa basi. Sopo. Wina akunola mpeni."

"Nanga china?"

"Chala chanu chikundisisita. Chimenechonso tikachijambula pamapu?"

Ulendo wotsatira anati tikhote pang'ono. Ndinawakumbutsa mawu a mtsikana uja.

"Uja ndi mwana, sadziwa kuyenda."

Tinalowa kanjira kopanikiza, phokoso lonse zii. Anatenga dzanja langa n'kuliika pakhoma. Linali lofunda ngati msana wa khanda logona, ndipo ponsepo fungo la buledi.

"Mkatimu muli uvuni," ananong'ona. "Malo ano sindinaonetsepo munthu. Mayi, nyumba yanga yazizira. Bwerani tizimwera limodzi tiyi."

Ndinati ndikaganize, koma ndinali nditaganiza kale...

Ndinauza mwana wanga wamkazi.

"Amayi, pamsinkhu wanuwu?"

"Msinkhu wanga wakulakwira chiyani? Iweyo unachita kugwa mumtengo?"

Ndinadetsa imvi. Ndinayamba kupatula mapoto oti ndidzapite nawo, n'kuwalongedza m'katoni.

Kenako linafika tsiku lokonza mapu. Nsalu anaiyala pamatebulo, njira yathu itajambulidwa ndi choko. Mtsikana uja anapatsa aliyense batani.

"Ikani pamalo amene simudzawaiwala. Pamenepo ndi pomwe tidzayambire kupaka penti."

Ena anaika pamlatho, ena pamsika. Ine ndinaika langa pambali, kunja kwa mzere. Ndisanachotse chala, dzanja lina linafika pomwepo: mayi ogulitsa mazira. Kenako lachitatu: mayi oyenda ndi ndodo, amene sayankhula n'komwe pamisonkhano.

"Koma agogo, apa si panjira yathu," anadabwa mtsikanayo. "Pali chiyani?"

"Khoma lofunda," tinayankha tonse atatu ngati kwaya.

Tinayang'anana.

"Nanunso anakuuzani kuti nyumba yazizira?" ndinafunsa.

"Ine ndinagula kale makapu awiri atsopano," anatero a mazira.

A ndodo anangochotsa batani lawo n'kulifumbata.

A Telala anali kukulunga tepi yawo, kuimasula, kuikulunganso.

"Amayi inu, musanditenge molakwa. Ine ndimafuna mapuwa akhale okoma."

"Mapu ake ati, bambo?" ndinawafunsa. "Mapu ake ati? A akazi amasiye? Nyumba ikazizira amagula bulangete!"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Nanenso ndinaseka, mwamphamvu kuposa onse. Koma nditafika kunyumba ndinatulutsa mapoto aja m'katoni, n'kuwabwezera pashelefu limodzilimodzi. Mwana wanga ataona, anangondiwiritsira madzi osamba.

Kugulu sindinasiye, mapu tikumaliza. Masiku ano amandiyendetsa ndi a mazira, amandikoka ngati mbuzi yopita kumsika. A ndodo ndi amene sanabwerenso, ndipo mpando wawo ndikauona umandipweteka kuposa zanga. Ine ndili ndi pakamwa, ndinalalata n'kupepukidwa. Iwo anapita nazo kunyumba osatula.

Anzanga, munthu asanakumangeni m'maso, yambani mwafunsa kuti wayendetsapo angati. Nkhaniyi isathere pafoni panu. Tumizirani amayi anu ndi azakhali anu, makamaka amene ayamba kudzola zonunkhira popita kumisonkhano.